Ndabisa Dzanja Lanu M'khoma

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukudzutsa nacho angelo mmamawa ngati mmene munkatidzutsira ife? Bambo ndikhulupirira munawapeza. Ndikhulupiriranso kuti pofika lero mwatha kuwauza zonse zimene analakwitsa asanatsogole, pakuti pa zaka khumi zaumasiye zija munazisunga bwino, osatayapo ngakhale chimodzi.

Ndine Lameki wanu. Papita chaka ndi miyezi isanu chikuikireni m'manda, ndipo aka n'koyamba kukulemberani. Lero ndi Lamulungu, tabwerako kutchalitchi, ndakhala pampando wanu wa miyendo itatu ndi theka m'khitchini muno. Ndili ndi mlandu woti ndiulule. Koma mwana wanu mukumudziwa, nkhani saiyambira kumutu. Ndiyamba ndi zokoma kuti pofika pa zowawazo mukhale mutafewa.

Mpongozi wanu Rudo anachira patangotha miyezi itatu inu mutapita. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha Elube, dzina lanu. Akuchikazi lilime lawo lachishona limakana, amati Erube, koma mwanayo amatembenuka ndithu. Watenga tsinya lanu lonse osasiyako. Ndikalowa m'nyumba nsapato zili ndi simenti, amandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ine n'kubwerera ndekha panja kukavula. Mano ali nawo asanu ndi limodzi, onse wawayesa kale pa chala changa. Wayamba kuyenda chogwira makoma.

Kamunda kanu ka m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi tinalima. Chimanga chitangofika m'chiuno, apolisi a masipala, eni nyumba zino, anabwera ndi zikwanje n'kuchitchetcha chonse, akuti mungabisale zigawenga. M'chimanga chofika m'chiuno, amayi! Mbatata sanaione chifukwa ili ndi nzeru, imakhala pansi osadzionetsa. Tinakumba matumba awiri. Mlongo wanga Esinati ali bwino, kungoti amuna ake anawachotsa ntchito kufakitale ya ku Willowvale, akuti zipangizo za makina sizikubweranso. Tsopano Esinati akugulitsa mandasi pamalo panu paja pa Musika. Mutafikapo lero simungapazindikire. Padzaza anthu othawa nkhondo kumidzi, amagona pansi pa mapulasitiki, mmawa n'kuwapinda kuti mabasi apeze poima.

Za ntchito yanga ndiyambire pati? Paja munkauza amayi anzanu a mvano kuti mwana wanga anapita ku koleji, amajambula nyumba papepala isanamangidwe. Pepala la ku kolejilo likadali m'sutikesi, njenjete zikulilemekeza. Nyumba amajambula ndi azungu. Ine ndine wokonza zimene anajambula molakwika. Kale zinkayenda ndithu. Dona uyu akufuna khonde lalikulu, uyo akufuna khitchini yoposa ya mnzake. Tsopano palibe amene akukulitsa nyumba. Onse akufuna zinthu ziwiri: zitsulo m'mawindo kuti apeze tulo, ndi kubisa ming'alu kuti agulitse nyumba athawe. Chiyambire mayiko akunja kukana malonda ndi boma la azunguli, penti wakhala akuonda chaka ndi chaka. Wa chaka chino ukapaka katatu, njerwa imakusuzumirabe. Magalasi kulibe. Misomali ndimazula m'zitseko zakale n'kuiwongola pamwala, ngati mmene bambo ankachitira ine ndikuwaseka. Ukafika pageti, dona amati bwana ali kutchire kunkhondo, udzabwere akabwerako. Ukabwerera umapeza chikwangwani choti nyumba ikugulitsidwa, ndi galu wosiyidwa akukuyang'ana ngati ndiwe unamubisira mbuyake.

Amisiri timasonkhana mmawa pansi pa mtengo wa mabulosi kuseri kwa Musika, aliyense ndi chikwama cha zida pakati pa miyendo, kudikira galimoto yoti iime. Ntchito yanga pamenepo, popeza ina palibe, ndi kusimba nthano zoseketsa. Wotilimbitsa mtima ndi a Phiri, akulu aja a ku Dedza amene amaimba besi kuposa kwaya yonse. Amati, "Ana inu musagwe mphwayi. Nkhondo ntchito yake n'kugumula, ife yathu n'kukonza. Ikadzatha adzatigwadira, tidzachita kusankha nyumba yoyambira." Ine ndimati, "Zoona madala, koma uthenga umenewu mukauzenso mimba yanga, ine ikundikana." Timaseka, ndudu imodzi n'kuzungulira anthu anayi. Kusekako n'kumene kwatisunga. Ukangosiya kuseka pamtengo paja umayamba kumva ndege zankhondo zikupita kumpoto, n'kumadzifunsa kuti zikukagwera mudzi wa yani.

Mwafewa tsopano? Nayi nkhani.

Mukukumbukira khoma la m'khitchini muno, la kuseri kwa chitofu. Munkati njerwa zosamata za masipala zimakuchititsani manyazi ngati munthu wosavala. Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira munkandituma ndi wilibala kuchulu cha ku Mukuvisi. Dothilo munkasakaniza ndi phulusa n'kumata khoma lonse ndi manja. Pomaliza munkayendetsa zala zinayi mokhota, kukhota kwina pamwamba pa kunzake, mpaka khoma lonse likhale ngati mamba a nsomba. Chala chanu chachitatu, chija chinapindika pa makina ofinyira zovala mukugwira ntchito kwa azungu, sichinkafika bwino. Ndiye pa mamba aliwonse mzere umodzi unkakhala wosazama. Ndikakusekani munkati, "Seka iwe, koma khoma lotere ukadzaliona kulikonse udzadziwa kuti panadutsa Nabanda."

Nditatuluka ku koleji n'kupeza kuti amisiri osalaza khoma ndi ambiri kuposa makoma, ndinakuberani. Ndinadula tayala lakale n'kusema chipeso cha mano anayi, lachitatu lalifupi, kuti simenti isandidye zala. Dona woyamba ataona mamba anu pabalaza pake anaitana anzake kudzamwa tiyi atayang'ana kukhoma. Ankati ndi luso la ku Spain. Ine sindinawatsutse, ndinangokweza mtengo. Mamba anu ndi amene atidyetsa zaka zonsezi. Ndipo pakamwa pangapa, paja munkati padzandidyetsa n'kudzandimangitsanso, sipanakhale chete. Pamtengo wa mabulosi, kumowa, ngakhale pamaliro a eni, ndinkauza aliyense kuti mumzinda wa Sozibele monse wodziwa mamba ndi mmodzi yekha, Lameki mwana wa Nabanda.

M'nyengo yozizira yapitayi anandipeza alamu anga Tonderai, mchimwene wake wa Rudo, uja wokonza mawailesi amene munkati maso ake sakhala pamalo amodzi. Anati, "Tsano, ndili ndi kantchito kulokesheni ya Highfield. Ndi nyumba ya azakhali, kukubwera ukwati." Mukudziwa kuti Ashona akati tsano, amene ndi alamu m'chinenero chawo, ndiye kuti akufuna kukupempha chinthu choti sungakane. Nditafika ndinapeza m'nyumbamo mulibe munthu, azakhaliwo anali atawatumiza kwa abale. Anandilowetsa kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Chipinda ichi chakula kwambiri," anatero. "Ndikufuna chichepe."

"Alamu," ndinatero ine, "chiyambire ntchito anthu amandiitana kuti ndikulitse. Woyamba kudandaula kuti nyumba yakula ndinu."

Sanaseke. "Chichepe ndi mafiti awiri. Khoma latsopano apa, kutsogolo kwa lakale. Polowera pakhale kudenga."

"Mukhala chiyani m'menemo?"

"Tsano, mukufunadi kudziwa?"

Sindinafune. Mmisiri safunika kuuzidwa. M'mafiti awiri munthu woonda akhoza kugona chammbali, mabokosi aatali akhozanso kulowa. Aliyense mulokesheni akudziwa kuti anyamata a kutchire, aja boma limati zigawenga, ayamba kulowa m'tauni, ngakhale kuti palibe amene amanena mokweza.

Mufunsa kuti bwanji sunakane. Ndadzifunsa kale m'malo mwanu, ndi mawu anu omwe. Wokana amatchedwa wogulitsa anthu, ndipo dzina limenelo munthu sakhala nalo nthawi yaitali. Ife a ku Nyasalande amatinena kale kuti ndife ophikira azungu, nkhondo ya eni dziko sitiimva kuwawa. Komanso mudzi wa Rudo unatenthedwa, amayi ake asilikali anawatsekera mkati mwa mpanda wa waya ngati nkhuku. Izi zonse n'zoona. Koma kwa inu sindinganame: panalinso kunyada. Ntchito yovuta imandikoka ngati mowa.

Khomalo ndinamanga masiku awiri, masanasana, wailesi ikulira, njerwa zikulowa poyera ngati zokonzera ukwati. Nditamaliza ndinaima pakhomo n'kuona vuto. Khoma latsopano pakati pa makoma atatu akale limakuwa lokha. Pokumanira chatsopano ndi chakale pamabwera mng'alu wonga tsitsi, ndipo pulasitala wosalala sabisa kanthu, amaulula chilichonse. Apa m'pamene nzeru za ku koleji zinadzuka, zija munagulitsira mandasi zaka zitatu. Ndinadzifunsa kuti chimene chimabisa mng'alu n'chiyani. Mamba. Ndinamata makoma onse anayi, n'kuyendetsa chipeso changa kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kupaka laimu. Inali ntchito yokongola, amayi. Tonderai mwiniwake atalowa anakagogoda khoma lolakwika. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu panjinga. Sizinandifikire m'mutu kuti ndabisa khoma limodzi n'kulemba dzina langa pa makoma anayi.

Milungu itatu yapitayi wina anaulula. Apolisi anafika ndi nyundo dzuwa lili pamutu n'kugumula. Zimene anapezamo sindikudziwa, ku Highfield nkhani imanenepa ikamayenda. Tonderai anasowa tsiku lomwelo, akwawo akunong'ona kuti anawolokera ku Mozambiki. Azakhali aja anawatenga, koma nkhope yanga sanaionepo. Palibe munthu wondiloza. Otsala ndi makoma.

Mlungu wotsatira anafika pamtengo wa mabulosi amuna awiri osavala yunifomu, koma nsapato zawo zinkawala kuposa za mkwati. Ndinali pakati pa nthano ya dona amene anandiuza kuti ndipake penti nkhuku yake ya chitsulo. Mmodzi anamasula mpango, n'kutulutsa chibenthu cha pulasitala chachikulu ngati mbale. Ndinaona chala chanu chopindika, amayi, m'manja mwa wapolisi.

"Madoda," anatero mokoma, "ndani amapanga zoterezi? Pali bwana akufuna kumupatsa ntchito yaikulu, ya miyezi itatu."

Tinalipo amisiri oposa khumi, ena osaona ntchito chiyambire mvula. Aliyense anamvapo kudzitama kwanga mpaka kutopa nako. Chipeso chinali m'chikwama pakati pa mapazi anga. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi za mnzanga, kudikira kuti ndimve dzina langa. Kenaka a Phiri anatambasula dzanja. Anachitembenuza chibenthucho, anachikanda ndi chikhadabo, mpaka kuchinunkhiza.

"Aaa, ntchito iyi ndikuidziwa," anatero. "Ndi ya Mpwitikizi uja. Wamfupi, wandevu, wonunkha adyo. Anapita ku Joni chaka chatha."

"Bodza madala," anatero wina kumbuyo, "Mpwitikizi ameneyo anafa. Anagwa padenga."

"Anagwa ndi mng'ono wake!"

"Analibe mng'ono wake, ameneyo anali mkazi wake, kungoti analinso ndi ndevu."

Anakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana chifukwa cha munthu amene sanabadwe n'komwe. A nsapato zowala aja analemba m'kabuku, napita. Atakhota pakona a Phiri anati, "Lameki, nkhuku ija unailekezera pati?" Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Kuyambira tsiku limene munandiphunzitsa kunena kuti amayi, kanali koyamba.

Chipeso Rudo anachiponya m'chitofu madzulo omwewo. Mzere wonse wa nyumba unanunkha tayala, anansi n'kumafunsa kuti mwagula ndiwo zanji. Iye sanaseke nawo. Anati, "Bambo a Elube, chipeso chapsa. Nanga makoma a azungu mukatenthanso?" Ndinamutonthoza kuti madona onsewo amanditcha Jemusi, dzina la wam'munda wawo woyamba, ndipo palibe amene akudziwa kumene Jemusi amagona. Theka la iwo anathawa kale. Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza Mulungu kuti mzungu saphunzira dzina la munthu.

Koma alipo mmodzi amene analiphunzira. Ndi Bwana Ndudu, uja timamutcha choncho chifukwa pakamwa pake sipazima moto. Ndi amene anabwereka lole yonyamula bokosi lanu, anayendetsa yekha mpaka pakhomo pano. Inu munali chigonere, simunaone. Analowa m'khitchini muno chipewa chili m'manja kudzapepesa, maso ake n'kugwera pakhoma lanu. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandinong'oneza kuti, "Lameki, ndiye ku Spain kuja n'kuno?" Pabalaza pake khoma lonse ndi mamba. Ndipo masiku ano, monga amuna onse achizungu, amavala yunifomu ya apolisi milungu ina, milungu ina n'kubwerera ku ofesi.

Ndikuuzeni mosabisa chimene chili patsogolo panga. Wothandiza anyamata a kutchire amamupachika, akamuchitira chifundo amakalambira m'ndende. Atandichitira chifundo chachikulu zedi andikweza lole kunditaya ku Malawi, dziko limene ndimalidziwira m'kamwa mwanu basi. Khadi la nyumba ino lili m'dzina langa. Tsiku limene ine ndatengedwa, masipala adzatulutsa mapoto panja, Rudo ndi Elube akakhala pansi pa pulasitiki pa Musika.

Lachinayi lapitali wam'munda wa Bwana Ndudu anabwera ndi uthenga woti bwana akukufuna lero lomwe. Ndinaganiza zothawa, koma kuti? Misewu yonse yotuluka m'tauni ili ndi asilikali ofunsa chitupa. Ndinavala malaya a kutchalitchi mkati mwa ovolosi, kuti ngati sindibwerako ndikaoneke kuti ndinaleredwa. Rudo anandiikira buledi m'thumba osandiyang'ana kumaso.

Ndinapeza nyumba ili mbee, katundu ali m'mabokosi amatabwa, dona atatsogola kale. Bwanayo anali atakhala pabokosi limodzi, atavala yunifomu, mfuti ataitsamiritsa pa mamba anu.

"Lameki," anatero, "milungu itatu yapitayi anandiika kulondera nyumba ina ku Highfield. Nditalowa kuchipinda ndinayesa ndafika kwathu. Ndinatsala pang'ono kuitana dona kuti andipatse tiyi."

Mantha anagwira thupi lonse kupatula pakamwa, pamene panayankha pokha. "Bwana, luso la ku Spain lafala masiku ano."

Anaimirira. Anaika chala pamzere wosazama uja n'kuutsatira pang'onopang'ono mpaka pamene unathera. "Ku Spain konseko chala chachitatu n'chachifupi?"

Ndinaona windo lili ndi zitsulo zimene ndinaika ndekha, zolimba bwino, zoti ngakhale mphaka sangadutse. Ndinaganiza za Elube, kuti mawa akadzuka adzakwinyira yani tsinya. Ndudu yake inatha, anayatsa ina, ine chiimire.

"Nyumbayi ndagulitsa," anatero. "Lachisanu la mlungu wa mawa ndikuwoloka malire. Ndikatsegula pakamwa andisunga kuno miyezi kuti ndikhale mboni. Andifunsanso kuti mmisiri wa zigawenga ankatani m'nyumba mwanga zaka zonsezi. Sindikuzifuna zimenezo. Koma wogula nyumbayi ndi wapolisi weniweni, osati wa masiku ngati ine. Khoma ili lisalale ngati galasi mawa dzuwa lisanalowe."

Ndinati inde bwana, mawu akutuluka ngati a mwana. Nditafika pakhomo kukatenga ndowa anandiitananso. "Usalazenso lija la m'khitchini mwa amayi ako. Akatopa kufunafuna Mpwitikizi wandevu ayamba kulowa m'nyumba za amisiri."

Ngati chinali chifundo kapena changu cha ulendo, sindikudziwa. Ndaigwira nkhaniyi mbali zonse ngati mmene a Phiri anagwirira chibenthu chija, sindikupeza yankho. Chimene ndikudziwa n'chakuti kwatsala masiku asanu, ndipo munthu wotsanzika amamwa mowa ndi anzake. Anzake ndi apolisi. Botolo lachinayi limakumbutsa munthu nkhani zoseketsa, ndipo nkhani ya khoma la ku Spain ndi yoseketsa ndithu. Ine ndikanakhala iye sindikanatha kuisunga. Izi n'zimene zikundiopsa kwambiri, chifukwa anthu okonda kusimba ndimawadziwa.

Khoma lake ndinasalaza. Dzulo, Loweruka, linali tsiku la khoma lanu.

Simenti inalipo thumba limodzi lokha m'nyumba muno, lija ndinalipeza movutikira mwezi watha kuti ine ndi a Phiri tikakumangireni chiliza. Ndinalitsegula. Rudo anati, "Ndi dothi lokha limenelo, palani ndi khasu, sipatenga nthawi." Ananena zoona. Ndinatenga khasu lanu la kumunda, ndinalikweza. Ndiye ndinaona zimene sindinazionepo chaka chonsechi. Mamba a m'mwamba ndi aakulu, otambalala, a munthu woimirira. Kutsika m'munsi akucheperachepera, ena okhotera kumbali. Khirisimasi yomaliza ija munamata mutakhala pansi, mukupumira chifuwa, ife n'kumati mukungochedwa ndi nkhani. Ndipo pansi penipeni mizere yada ndi timanja ta Elube, pakuti waphunzira kuyenda atalowetsa zala zake m'mizere ya zala zanu. Khasu linakana kutsika.

Musachite mantha ndikakuuzani kuti nzeru za ku koleji zinadzukanso. Ndinatenga mapepala a matumba akale a simenti n'kuphimba khoma lonse, atatu pamwamba pa anzake, kuti chinyezi chisakufikeni. Ndinakhomera timatabwa topyapyala m'mbali, misomali yowongola pamwala ija n'kulowa pakati pa njerwa. Pamwamba pake ndinakoka waya wa khola la nkhuku, amene dona wina anandisiyira pothawa. Pawayapo ndi pamene ndinamata simenti ya chiliza chanu. Ndinasalaza ngati galasi, osasiya ngakhale kamzere kamodzi, dzanja likuchita kuyabwa. Litayamba kuuma ndinayatsa nkhuni zaziwisi m'chitofu kuti utsi ulidetse, lioneke lakale. Khitchini yachepa ndi zala ziwiri.

Rudo anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Bambo a Elube, simunaphunzirepo kanthu? Khoma lobisa linanso?"

"Ili muli amayi okha," ndinatero.

"Ndiye apolisi akagogoda, muwauza kuti muli apongozi anga?"

Ndinagogoda ndekha kuti ndimve. Likulira ngati ng'oma, amayi. Wakhungu yemwe akhoza kudziwa kuti kuseri kuli kanthu. Rudo anakoka kabati ya mbale n'kuiimika patsogolo, pamwamba n'kupachika chithunzi chanu cha yunifomu ya mvano, chija munatuluka mutakwiya chifukwa wojambula anakuuzani kuti museke. Akuti wapolisi amene angalimbe mtima kusuntha nkhope imeneyo, ameneyo atitenge basi. Elube atadzuka anakwawira kumalo kwake. Anapapasa pakona pamene patsala poonekera, zala zikuterereka, n'kugwa chokhala. Sanalire. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Mlandu wanga ndi umenewo. Chiliza chanu chathera m'khitchini, mugonanso dzinja lina pansi pa mulu wa dothi ndi kachitsulo ka nambala. Luso lanu limene linandidyetsa ndalisiya, kuyambira mawa ndine mmisiri wosalaza ngati ena onse, kulimbirana ming'alu ya anthu othawa. A Phiri andiuza kutchalitchi lero kuti ndisasowe pamtengo, wosowa ndi amene amafunsidwa. Akuti ndikamalize nthano ya nkhuku, anthu akudikira. Ndipita. Ndikaseka mokweza kuposa onse, ndipo galimoto iliyonse ikamachepetsa liwiro ndizidzuka nawo kuthamangira ngati wofuna ntchito, ngakhale miyendo ikufuna kuthamangira kwina.

Tsopano ndikupempheni kanthu kamodzi. Ndinabisa ana a eni osawadziwa maina, lero ndabisa inu. Iwo ankadziwa kukhala chete. Inu, tisanamizane, kukhala chete sikunali luso lanu. Munkayankha alaliki ali paguwa, munkayankha wailesi, munayankhapo ngakhale wapolisi wa masipala mpaka anapepesa. Koma ulendo uno, akabwera a nsapato zowala n'kusuntha kabati, n'kugogoda, musayankhe. Musakhosomole n'komwe. Mugwire chifuwacho mpaka atuluke pageti.

Lachisanu likadutsa, ndi ena onse otsatira, tsiku limene nkhondoyi idzathe sindidzapita kukavina kumsewu ndi anzanga. Ndidzatenga nyundo n'kukutulutsani. Kenaka ndidzagula simenti yatsopano, ndidzabwera kumanda ndi Elube, ndipo chiliza chanu ndidzachipanga mamba kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Sindidzasema chipeso. Ndidzayendetsa zala zangazi, chachitatu nditachipinda, simenti indidye mmene ingafunire. Tsiku limenelo Musika wonse udzamvanso kuti ku Spain kunalibe kanthu, anali Nabanda.

Lachisanulo likapanda kudutsa bwino, Rudo ndamuonetsa poyambira kumenya khomalo: kumanzere kwa chitofu, chikhatho chimodzi kuchokera pansi, pang'onopang'ono kuti dothi lisagwe. Walonjeza kuti mwanayo akadzakula adzamuonetsa.

Mupereke moni kwa bambo, ngati mwawapatsako mpata woyankhula.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene pakamwa pake patsekeka mochedwa,

Lameki